Tochi ya Wogula

Kampani ya Canon idapanga lenzi ya EF 50mm f/1.8 katatu, ndipo munthu wogula zida za kamera zogwiritsidwa kale ntchito amafunika kusiyanitsa malenzi atatuwa monga mmene mayi amasiyanitsira ana ake ofanana nkhope. Yoyamba idatuluka mu 1987, chaka chimene kampaniyo idayamba makamera a EOS. Mphete yake yolumikizira ku kamera ndi ya chitsulo, pamwamba ili ndi kazenera koonetsa kutalika kwa pamene pali chinthu chojambulidwa, ndipo imalemera magalamu 190. Idangokhala m'masitolo zaka zitatu. Kumapeto kwa 1990 kudabwera yachiwiri, yolembedwa II kutsogolo: thupi lonse pulasitiki mpaka mphete yomwe, kazenera kaja palibe, kulemera kwake magalamu 130. Ukaigwedeza imamveka ngati chidole cha mwana, ndipo ikagwa pa simenti mbali ya kutsogolo imatha kusololoka. Komabe idagulitsidwa zaka pafupifupi 25, ndipo ojambula ambiri adaphunzirira ntchito pa iyoyo chifukwa ndiyo adakwanitsa kugula. Yachitatu, ya STM, idafika mu 2015. Mphete ya chitsulo idabwerera, kamota kake sikasokosera, timasamba totsegula ndi kutseka bowo lolowera kuwala tidachoka pa 5 kufika pa 7, ndipo imaona bwino chinthu chimene chili pa masentimita 35 pamene awiri oyamba aja amafuna 45.

Chodabwitsa n'chakuti mkati mwa onse atatu muli magalasi asanu ndi limodzi oyalidwa m'magulu asanu. Mutajambula nkhope ya mkwatibwi ndi yoyamba, kenaka ndi yachiwiri, n'kuika zithunzi ziwirizo pa tebulo, ine sindingalumbire kuti ichi chachokera uku, icho chachokera uko. Diso ndi lomwelo, adasintha ndi malaya. Koma msika suyendera zimenezo. Kwa nthawi yaitali yoyamba ija, yokalamba ndi yokandikakandika, inkagulidwa pa mtengo woposa wa yachiwiri yatsopano ya m'bokosi, chifukwa adapanga zaka zochepa ndipo anthu timakhulupirira chitsulo kuposa pulasitiki.

Munthu wosadziwa za makamera sangaone kusiyana kumeneku. Kwa iye onse ndi timabotolo takuda tolembedwa manambala ofanana. Funso limene limandivuta lili pomwepo: ngati ine ndikudziwa, wogulitsa sakudziwa, kodi ndili naye ngongole ya mawu?

Tikamakamba za chilungamo pa malonda a zinthu zakale, kaya ndi kaunjika wa ku Lilongwe, salaula wa ku Lusaka kapena mabelo a ku Mupedzanhamo ku Harare, maso athu amakhala pa wogulitsa. Iye ndiye timamukayikira, ndipo pa malenzi chifukwa chake chilipo. Lenzi imatha kunyezimira kunja mkati itavunda, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. N'chifukwa chake ndikafuna kugula ndimachotsa zivindikiro zonse ziwiri, n'kuunika ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, ndikuyang'ana chapambali. Ndimafuna chuku, chimene chimaoneka ngati ulusi wa kangaude kapena timizu ta udzu pa galasi. Chimamera lenzi ikasungidwa m'chikwama chachinyezi m'nyengo ya mvula, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala umene amakutira galasi, bala lake osapolanso ngakhale chukucho chitapukutidwa. Ndimaonanso ngati timasamba tija tili ndi mafuta, ngati mphete ikugwedera, ngati kamota kakufika pamene kakufuna kapena kakungoyendayenda. Wogulitsa amene akudziwa kuti muli chuku n'kukhala chete, palibe amene angamuikire kumbuyo. Katswiri wa zachuma George Akerlof adaonetsa mu 1970, pa chitsanzo cha magalimoto akale, kuti kubisa kotereku kumapha msika womwe: ogula akalephera kusiyanitsa chabwino ndi chowola amatsitsa mtengo wa zonse, eni katundu wabwino n'kusiya kubwera. Pamenepo sipafunika kutaya nthawi, tonse timagwirizana.

Chimene sitikambirana kawirikawiri ndi pamene tochi ili m'manja mwa wodziwa zambiri, ndipo wosadziwayo ndi mwini katundu. Malenzi akale sachokera m'masutikesi a ku Joni ndi ku Britain okha. Ena amachokera m'nyumba za maliro. Tiyerekeze kuti wojambula zithunzi wa pa boma lina wamwalira. Papita miyezi, sukulu yatsegulira, fizi ya mwana ikufunika, ndipo mkazi wa malemu atulutsa chikwama cha mwamuna wawo. Mphwawo wayang'ana pa foni, walemba dzina la lenzi, waona mtengo wa yachiwiri ija ya pulasitiki, ndipo mtengo umenewo ndiwo mayiwo akutchula. Ine ndikutembenuza lenzi, ndikuona kazenera, ndikuona mphete ya chitsulo, magalasi ali mbee. Mtengo atchula okha. Sindidawakakamize, sindidawanamize. Ndikapereka ndalamayo adzandithokoza ndi manja awiri, ine ndidzauza anzanga kuti ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Funsoli ndi lakale kuposa kamera. Cicero, m'buku lake la De Officiis limene adalemba mu 44 BC, adaika mlandu wofanana ndi uwu: munthu akugulitsa golide akuganiza kuti ndi mkuwa, kodi munthu wabwino amuuze, kapena agule ndi kandalama kamodzi chinthu choyenera ndalama chikwi? M'buku lomwelo muli nkhani ya wamalonda amene wafika ndi tirigu pa chilumba cha Rhodes m'nthawi ya njala, akudziwa kuti zombo zina zodzaza tirigu zili m'njira. Anzeru awiri, Diogenes wa ku Babuloni ndi wophunzira wake Antipater, adasiyana maganizo. Woyambayo ankati kukhala chete n'kosiyana ndi kubisa. Wachiwiriyo ankati munthu sungasiye mnzako kugwa m'dzenje ukuona, chifukwa choti kugwa kwakeko kukupindulira. Cicero adatsamira kwa Antipater. Patapita zaka zoposa 1,300, Thomas Aquinas adabwereza chitsanzo cha golide ndi mkuwa n'kugamula kuti wogula amene akudziwa ndipo wagulabe motchipa ayenera kubweza. Koma pa wamalonda wa tirigu uja adafewa: adati chilungamo sichimukakamiza kuulula za zombo zimene zikubwera, ngakhale kuulula kukadaonetsa mtima wabwino koposa.

Mbali ya Diogenes sindiipeputsa, chifukwa ndi mbali imene thumba langa limaikonda ndipo ili ndi mfundo. Kudziwa kuti kazenera kaja kakutanthauza chiyani sikudandigwere kuchokera kumwamba. Ndidawerenga, ndidafunsa, ndidagwira malenzi ambiri. Ngati nthawi zonse ndiyenera kupereka nzeruzo ulele kwa amene ndikuchita naye malonda, kuphunzira kuli ndi phindu lanji? Mlimi amene amadziwa ng'ombe akasankha yabwino pa msika sitimutcha wakuba. Malamulo a maiko ena adaima pomwepo. Kumayambiriro kwa 1815 ku New Orleans, wamalonda wina adamva anzake asanamve kuti nkhondo ya pakati pa America ndi Britain yatha, zimene zinkatanthauza kuti zombo ziyambanso kuyenda ndipo fodya akwera mtengo. M'mamawa adathamangira kukagula fodya wambiri pa mtengo wakale osaulula kanthu. Mlanduwo, wa Laidlaw ndi Organ, udafika ku khoti lalikulu la dzikolo mu 1817, ndipo woweruza John Marshall adati wogulayo sadali wokakamizidwa kuuza mnzake zimene adamva, bola pasakhale mawu kapena mchitidwe wofuna kumupusitsa. Aliyense amene adakulira m'dera la fodya akudziwa mmene mlimi amamvera akazindikira mawa lake kuti wogula ankadziwa za mtengo zimene iye sankadziwa. Koma khoti lidati si mlandu.

Komabe pali kusiyana kumene ndikuganiza kuti Aquinas adakuona bwino. Anthu awiri a ku New Orleans aja onse anali amalonda, ndipo onse ankadziwa kuti pa sikelo pali fodya. Chimene wina sankadziwa chinali kunja kwa katunduyo, nkhani ya mawa. Mayi wa chikwama uja akulakwitsa pa chinthu chenichenicho chimene chili m'manja mwawo. Timati malonda n'kumvana, ndipo n'zoona, koma kumvana kumafuna kuti tonse awiri tikhale tikukamba za chinthu chimodzi. Iwo akugulitsa ya 1990, ine ndikugula ya 1987. Sitidamvane, tangogwirana chanza.

Apa wina anganditsutse pogwiritsa ntchito mawu anga omwe. Si ine ndanena kuti diso ndi lomwelo? Golide ndi mkuwa ndi zinthu ziwiri, koma malenzi awiriwa amatulutsa chithunzi chimodzi. Ndipotu pa ntchito yeniyeni yoyamba ija ili ndi zovuta zake. Yadutsa zaka 35. Kamota kake kamalira moti m'tchalitchi anthu amatembenuka, ndipo kakafa chosinthira chake chimachokera m'lenzi ina yakufa. Wojambula wofuna kudya ndi ntchito yake ndingamulangize ya STM mosazengereza: yatsopano, yachete, mphete yake ya chitsulo, ndipo kuwala kwa kumbuyo kumatuluka kozungulira bwino m'malo mwa timakona tisanu. Kulimba kumene timakutamanda pa zinthu zakale nthawi zina n'kulemera chabe. Dzanja likamva kuzizira kwa chitsulo mtima umati ichi n'chenicheni, pamene chimapha lenzi kawirikawiri ndi chinyezi ndi timawaya ta mkati, zimene sizisamala kuti mphete ndi ya chiyani. Choncho ndikhoza kudziuza kuti mtengo wokwera wa yoyambayo ndi misala ya anthu osonkhanitsa zinthu zakale, kuti mtengo wake weniweni ndi womwe mayiwo atchula, ndipo sindikuwabera kanthu.

Ganizo limeneli ndimaliopa chifukwa limabwera msanga kwambiri, pa nthawi yomwe ndikulifuna. Ndili ndi njira imodzi yoliyesera. Munthu atandipeza mawa n'kundipempha lenziyo pa mtengo womwe ndaguliramo, ndingamupatse? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti sindikukhulupirira zimene ndikudziuzazo. Mtengo wa chinthu chakale suli m'magalasi okha, ulinso m'zimene anthu ena ali okonzeka kulipira, kaya ndi anzeru kaya ndi otengeka. Ndalama ya munthu wotengeka imalipira fizi mofanana ndi ya munthu wanzeru, ndipo ndalama imeneyo ndi imene mayiwo akutaya osadziwa.

Pali chinthu china chimene ogula timachita, chimene kwa ine n'choipa kuposa kukhala chete, ngakhale chilibe bodza ndi limodzi lomwe. Lenzi iliyonse imene yagwira ntchito zaka zingapo ili ndi fumbi mkati. Ikamayenda kutsogolo ndi kumbuyo imapuma mpweya, ndipo mpweya wa mu Okutobala tikuudziwa. Fumbi lochepa limenelo silioneka pa chithunzi, chifukwa lili pafupi kwambiri ndi magalasi moti silingajambulike. Koma ukaliunika ndi tochi limaoneka ngati nyenyezi usiku wopanda mwezi, lenzi yabwinobwino n'kuoneka ngati yotayidwa. Wogula wochenjera amatembenuzira tochi kwa mwini katundu n'kunena kuti, “Taonani nokha mayi, mkatimu mwadzaza.” Zimene wanenazo n'zoona. Fumbi lilipodi, mayiwo aliona ndi maso awo, achita manyazi ndi katundu wa malemu, atsitsa mtengo. Buku la Miyambo lidamuona kale wogula wotereyu, wonyoza katundu pa msika n'kukadzitama atachoka. Chida chimene tidachitenga kuti tidziteteze kwa wogulitsa wachinyengo chasanduka chonamizira wogulitsa wosadziwa. Ngakhale Marshall, amene adalola kukhala chete, apa sakadalola, pakuti uwu ndi mchitidwe wofuna kupusitsa. Ndipo ukuonetsa kuti malire amene Diogenes adaika pakati pa kukhala chete ndi kubisa ndi ovuta kusunga pamene malonda ali mkati. Munthu amene waganiza zosaulula chabwino cha katundu sangokhala duu. Pakamwa pamafuna chonena, ndipo chimene chimatsala kuti anene ndi zoipa za katunduyo.

Sindikunena kuti kunenerera n'tchimo. Ndi venda wa zida za kamera, amene malenzi amadutsa m'manja mwake sabata iliyonse, ndimanenerera mpaka thukuta. Ine ndimaloza fumbi, iye amaseka n'kunena kuti, “Bwana, fumbi limenelo lidakujambuliranipo chithunzi choipa liti?” Tonse tikudziwa masewerawo, ndipo aliyense ali ndi tochi yake. Akalephera kuzindikira lenzi ya 1987 pa tebulo lake lomwe, mtima wanga sugunda kwambiri, pakuti kudziwa katundu ndiyo ntchito imene adasankha, ndipo mawa adzabweza pa kasitomala wina. Ndikuvomereza kuti izi zikutanthauza kuti lamulo langa limayang'ana nkhope, chinthu chimene anzeru ofuna lamulo limodzi kwa onse sangakondwere nacho. Koma kwathu sitidayesepo kunena kuti wamasiye ndi venda aimirira pamalo amodzi. Amene amachenjerera venda timati ndi wochangamuka. Amene amachenjerera wamasiye timati wamudyera masuku pamutu, ndipo mawu awiriwa sadabadwe mwangozi.

Vuto lalikulu lili ndi mnyamata amene amakhala pakati, wogula kuti akagulitsenso. Iye chakudya chake ndi kusiyana kwa mitengo iwiri, ndipo wina anganene kuti ndikamuuza kuti aziulula zonse ndamulanda khasu. Sindikuganiza choncho, ngakhale phindu lake lichepa ndithu. Pali zinthu zimene amagulitsa mwachilungamo: amapereka ndalama lero pamene mwini katundu akadadikira miyezi, amasenza chiopsezo chakuti kamota kafa sabata yamawa, amadziwa kumene kuli ogula ndipo amalipira ulendo wokawapeza. Zonsezi zili ndi mtengo, ndipo akhoza kuzitchula poyera. Chimene sangatchule poyera ndi gawo limene likuchokera pa kusadziwa kwa mwini katundu, ndipo kulephera kulitchulako ndiko kumandiuza kuti gawolo ndi la mtundu wina.

Nanga kuulula kufike pati? Cicero amasimba za Quintus Scaevola, amene pogula munda adafunsa mtengo, atauzidwa adati mundawo ndi woposa pamenepo, n'kuonjezera yekha ndalama za nthawiyo zokwana 100,000. Ndimamusirira, koma sindikuganiza kuti aliyense wogula lenzi ayenera kukhala Scaevola. Udindo wanga si kulipira mtengo wapamwamba kwambiri umene munthu wina wa ku London angalipire pa intaneti. Pa boma paja palibe wosonkhanitsa zinthu zakale, ndipo kuti lenzi ikafike kwa iye pafunika wonyamula, wokhulupirika, ndi nthawi. Udindo wanga ndi wochepa kuposa pamenepo koma sungadumphidwe: kutchula dzina lenileni la chinthucho. “Mayi, iyi si imene aphwanu aona pa foni. Iyi ndi yoyamba, ya chitsulo, ndipo kunja kuli anthu amene amalipira zambiri kuposa zimene mwatchulazi. Ine ndingakwanitse mwakuti. Mukafuna kudikira wina, dikirani.” Pambuyo pa mawu amenewo tikhoza kunenerera, ndikhoza ngakhale kugula motsikirapo, chifukwa tsopano akusankha akudziwa.

Sikuti zimatha bwino nthawi zonse. Munthu amene wangouzidwa kuti ali ndi chinthu chamtengo amatha kupitirira muyeso. Abale amamva, wina amati pa foni waona mtengo woposa pamenepo, wina amati ngati wogulayo wavomera yekha kuti n'chamtengo ndiye kuti akubisabe zambiri. Mtengo umakwera mpaka pamene palibe angaufikire. Ine ndimapita kukagula ya STM m'sitolo, fizi ija imafunidwa kwina, ndipo lenzi imabwerera m'chikwama cha malemu pansi pa bedi. Mvula ya mu Januwale ikadutsa kawiri, chuku chimakhala chitayala ulusi wake pa magalasi, ndipo amene adzaiunike pambuyo pake sadzafunikanso kunamiza munthu kuti atsitse mtengo. Zikatero kukhala chete kwanga kukadapatsa mayiwo ndalama, ine lenzi, lenziyo zaka zina za ntchito, ndipo wowerengera phindu la onse angandiuze kuti kuulula kwanga kwawononga zitatu zonsezo. Sindingamutsutse pa masamu ake. Chimene ndingachite n'kuwauzanso mayiwo, ndisanachoke, kuti aichotse m'chikwamamo, aiike pa shelefu pouma pofika kuwala ndi mphepo, ndipo akasintha maganizo mtengo wanga ukadali womwewo mpaka kutha kwa mwezi.